Mapadi a buleki ya kumbuyo akutha msanga pa njinga yamoto ya m'tchire, vuto lili pati?

Wamatope250

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Njinga ndi ya 250 ya four-stroke, yoyendera m'tchire, ndipo buleki ya kumbuyo ndi ya disiki. Mapadi a kumbuyo akutha pakangopita maulendo atatu kapena anayi, pamene a kutsogolo adakali ndi nyama yambiri. Chondizunguza mutu n'chakuti padi ya mbali ya pisitoni ya buleki yatha mpaka chitsulo kuonekera, koma inzake yatsala pafupifupi theka. Disiki nayo yasintha mtundu, m'mphepetemo ikuoneka yabuluu. Potsika chitunda chachitali chopondera cha buleki chimafewa n'kumangolowa pansi osagwira kanthu, njinga ikazizira chimabwerera mwakale. Kodi ndi mapadi achabechabe, kapena pali china chimene chikuwadya? Nanga disiki yoteroyo ndipitirize nayo kapena yatha ntchito?

Sipanala8

Achimwene, musathamangire kugula mapadi ena. Zimene mwafotokozazi zikuloza kumodzi: bulekiyo sikusiya disiki mukachotsa phazi. Ikukhalabe yogwira pang'ono ulendo wonse, n'chifukwa chake mapadi akupsa, disiki yachita buluu ndipo mafuta a mabuleki akuwira. Mukaikapo atsopano osapeza chimene chikuchititsa, nawonso atha chimodzimodzi.

Yambani ndi kuyesa uku, sikufuna chida china koma sipanala ya 8. Ikani njinga pa sitandi wilo la kumbuyo lili m'mwamba. Zungulizani wilo ndi dzanja, pondani buleki mwamphamvu katatu, siyani, zungulizaninso. Kakukhula pang'ono ka mapadi kamamveka nthawi zonse, kameneko sikovuta. Koma wilo likamaima msanga ngati wina waligwira, tsegulani nipo yobulidira (kabawuti kotulutsira mafuta ndi mpweya) ya pa caliper, chitsulo chopanira mapadi pa disiki, pang'ono chabe, kenako muitseke. Mafuta akatuluka mothamanga wilo n'kumasuka nthawi yomweyo, ndiye kuti mphamvu inatsekeredwa m'paipi, vuto lili kumtunda, ku master cylinder (kapampu ka mafuta kamene chopondera chimakankha) kapena ku chopondera. Akapanda kutuluka mothamanga wilo n'kukhalabe lolimba, vuto lili pa caliper penipeni. Ndi bwino kuyesa kawiri, njinga ili yozizira komanso mutangobwera kokwera, chifukwa kugwira kwina kumayamba mafuta akatentha.

Za kumtundako. M'kati mwa master cylinder muli kabowo kakang'ono kwambiri kobwezera mafuta ku kathanki. Kabowoka kamatseguka pokhapokha pisitoni ya master ikabwerera mpaka kumapeto. Ngati kandodo kochokera ku chopondera kakukankha pisitoniyo ngakhale pang'ono phazi musanaikepo, kabowo katsekeka. Mafuta akatentha amafufuma, alibe kothawira, ndiye amakankha mapadi ku disiki. Mapadi akakhula kutentha kumawonjezeka, mafuta amafufumanso, mpaka nthawi zina wilo kumangika. Ndiye chopondera chiyenera kukhala ndi kampata koyenda chabe chisanayambe kukankha pisitoni. M'mabuku a njinga za KTM kampata kameneka ndi mamilimita 3 mpaka 5 pa chopondera, ndipo pa njinga zina onani m'buku lake. Kayezeni ndi chala, osati ndi jombo. Pa njinga zimene zili ndi bawuti yoimitsira chopondera, mukangosuntha bawutiyo pofuna kukweza kapena kutsitsa chopondera, kampatako kasintha, muyenera kukakonzanso pa kandodoko. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa.

Onaninso sipuling'i yobwezera chopondera, ikatamuka chopondera chimatsamira pa kandodo ndi kulemera kwake komwe. Bawuti imene chopondera chimazungulirapo imalowa madzi ndi mchenga pochapa, n'kuchita dzimbiri, chopondera n'kumabwerera mwaulesi. Imasuleni, pukutani, pakani girisi wosasungunuka ndi madzi.

Tsopano pa caliper. Ya kumbuyo pa njinga zimenezi nthawi zambiri imakhala ndi pisitoni imodzi, ndipo caliper yonse imatsetsereka pa mapini awiri. Pisitoni ikakankha padi ya mbali yake, caliper imatsetserekera kwina n'kukokera padi inayo ku disiki. Mapiniwo akauma kapena kuchita dzimbiri, caliper siyenda, ntchito yonse imagwera padi ya ku pisitoni. Ndi zimene padi yanuyo ikunena. Chotsani wilo, kokani caliper kuichotsa pa chitsulo chake, iyenera kutuluka ndi manja okha. Pukutani mapini mpaka awale, yang'anani timphira totchinga fumbi ngati tang'ambika, ndipo pakani girisi wa silikoni kapena wopangidwira mphira. Girisi wamba wa mabering'i amatupitsa timphirato, caliper n'kumangikanso pasanapite nthawi.

Mapadi akale musataye musanawawerenge. Akatha mofanana onse awiri koma msanga, ganizani za matope, phazi kapena mphamvu yotsekeredwa ija. Ikatha ya ku pisitoni yokha, ndi mapini kapena pisitoni yosabwerera. Ikatha ya mbali inayo yokha, caliper ikupita koma sikubwerera. Akatha mopendekera, mbali ina yokhuthala ina yopyapyala, mapini akhwepa kapena pini yogwira mapadi yadyeka. Pini imeneyi anthu saiyang'ana, koma timakutu ta mapadi timaikumba timizere, padi n'kumakodwa m'kamzereko osabwerera. Yendetsanipo chikhadabo, chikakodwa sinthani piniyo. Ndipo mapadi asinthidwe nyama yake ikafika milimita imodzi, osadikira chitsulo kulira.

MaiWaGalaja

A Sipanala8 alongosola bwino za kugwira. Ine ndiwonjezerepo za chopondera chofewacho, chifukwa ndiye choopsa kuposa mapadi.

Chimene chimachitika potsika chitunda chija ndi mafuta kuwira. Mafuta a mabuleki sapanikizika, koma nthunzi imapanikizika. Akawira m'kati mwa caliper, phazi lanu limangofinya nthunziyo, mapadi osamva kanthu. Akazizira nthunzi imatha, chopondera n'kubwerera, munthu n'kumati zakonzeka zokha. Sizinakonzeke. Mafuta amene awirapo kamodzi atayeni.

Mafutawa amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo madzi akalowamo amawira msanga. Mafuta a mtundu wa DOT 4 atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230, koma atayamwa madzi malire amatsika kufika pa 155. DOT 5.1 ndi 260 ali watsopano, 180 atayamwa madzi. Kathanki ka kumbuyo n'kakang'ono kwambiri, caliper ili pafupi ndi matope ndi madzi, ndiye kusintha mafuta kamodzi pachaka si kuwononga, ndipo kwa woyenda m'mapiri kapena wochapa njinga ndi madzi amphamvu, kawiri. Thirani mtundu umene walembedwa pa chivindikiro cha kathanki. DOT 4 ndi DOT 5.1 amagwirizana, koma DOT 5 wopanda .1 ndi wa silikoni, sasakanikirana ndi enawo, musamuthire. Botolo limene linatsegulidwa kalekale nalonso layamwa kale madzi.

Kubulida kwake nkotere. Tsukani pozungulira chivindikiro musanatsegule kuti mchenga usagweremo. Yamwani mafuta akale m'kathanki ndi sirinji, thirani atsopano. Lowetsani kapaipi koonekera m'kati pa nipo, mbali inayo m'botolo. Pondani chopondera pang'onopang'ono katatu, chigwireni pansi, tsegulani nipo pang'ono, chopondera chitsika, tsekani nipo chisanabwerere, kenako chisiyeni. Mukasiya chopondera nipo ili yotsegula, mpweya ulowa. Bwerezani mpaka mafuta otuluka akhale oyera opanda thovu. Kathanki kamatha pakangopita maulendo anayi kapena asanu, ndiye maso akhale pamenepo, kakauma mwayambiranso poyamba. Nipo siifuna mphamvu pomanga, imathyoka msanga.

Mpweya ukakanirira, bulidani mobweza: dzazani sirinji yaikulu ndi mafuta atsopano, ilumikizeni ku nipo, kankhani mafuta kuchokera ku caliper kupita ku kathanki, kwinaku mukuyamwa osefukira. Mpweya umakonda kukwera m'mwamba, ndiye njira imeneyi imauperekeza kumene ukufuna kale. Paipi ikakhala ndi pokwera pamene mpweya ungabisale, masulani caliper muinyamule kuti nipo ikhale pamwamba pa zonse, mutaika kachitsulo kokhuthala ngati disiki pakati pa mapadi.

Chinthu china chimene chimamanga buleki ndi kudzaza kathanki mopitirira. Mapadi akamatha pisitoni imatulukira kunja, mafuta m'kathanki amatsika, munthu amawonjezera. Tsiku loika mapadi atsopano pisitoni ikakankhidwira m'kati, mafuta onse aja amabwerera, kathanki n'kudzaza thothotho popanda malo ofufumira. Choncho pokankha pisitoni tsegulani chivindikiro, chotsani owonjezera, musapitirire mzere wa pamwamba. Ndipo pisitoniyo musaikankhire m'kati ili ndi matope. Itulutseni pang'ono popopa chopondera, itsukeni ndi kaburashi ndi madzi a sopo kapena mafuta a mabuleki omwewo, kenako muikankhe. Iyenera kulowa ndi zala zamanthu ziwiri. Ikakana, kapena ikakhala ndi timaenje ta dzimbiri, sinthani masili (timphira totseka mozungulira pisitoni) onse awiri pamodzi ndi pisitoni. Sili ya m'katiyo ndi imene imabweza pisitoni mukasiya buleki, palibe sipuling'i m'menemo, ndiye ikauma kapena dothi likaunjikana pansi pake pisitoni sibwerera. Petulo ndi parafini zisayandikire masili amenewa.

Mafuta a mabuleki amadya penti, akadontha tsukani ndi madzi nthawi yomweyo.

Chitunda450

Zonsezi n'zoona, koma tisaiwale kuti pali njinga zimene chilichonse chili bwinobwino koma mapadi a kumbuyo akuthabe. Matope osakanikirana ndi mchenga ali ngati sandipepa wonyowa. Pa mpikisano wa m'matope mapadi ofewa akhoza kutha tsiku limodzi, ndipo pamenepo palibe chowonongeka.

Mapadi alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Aja a organic ndi ofewa, amagwira mwaulemu, sadya disiki kwambiri, koma m'madzi ndi m'matope sachedwa kutha. A sintered amapangidwa ndi ufa wa zitsulo wowotchedwa pamodzi, amaoneka ofiirira ngati kopa, amapirira matope ndi kutentha. Kwa njinga ya m'tchire kumbuyo ikani a sintered. Kuipa kwake n'kwakuti amadya disiki msangako ndipo amapititsa kutentha kwambiri ku pisitoni. N'chifukwa chake mapadi ena amakhala ndi kachitsulo kopyapyala ndi kotchinga kutentha kumsana kwake. Ngati atsopano abwera opanda timeneti, chotsani ta pa akale muike pa atsopano. Anthu amatitaya poganiza kuti ndi zinyalala, kenako n'kumadabwa mafuta akuwira.

Za disiki yanuyo a Wamatope250, mtundu wabuluu pawokha sukutanthauza kuti yatha, ukungonena kuti inatentha kwambiri. Chofunika ndi kukhuthala kwake ndi kuwongoka kwake. Pa disiki pamakhala polembedwa MIN TH ndi nambala, ndiwo malire a kukhuthala kwake. Zambiri za kumbuyo zimakhala pafupifupi mamilimita 4 zili zatsopano, malire n'kukhala 3.5, koma khulupirirani nambala ya pa disiki yanuyo. Yezani ndi chida choyezera kukhuthala chotchedwa micrometer pakati pamene mapadi amadutsa, malo angapo kuzungulira. M'mphepete mwenimweni mumatsala kamlomo kosadyeka, mukayeza ndi choyezera cha vernier pamenepo mudzinamiza. Yang'ananinso ming'alu yoyambira pa mabowo, disiki yosweka siikambirana. Yamizere yozama imadya mapadi atsopano mofulumira chifukwa amagwira pa nsonga za mizereyo zokha. Posintha disiki, mabawuti ake apakeni mankhwala omangira ulusi ndipo muwamange modumphitsa, osati motsatana.

Kwa okhalira m'matope pali disiki yopanda mabowo. Mabowo aja amatunga matope n'kumawapaka pa mapadi ulendo uliwonse wilo likazungulira, ndiye yopanda mabowo imasunga mapadi nthawi yaitali ndithu. Koma kwa inu amene mafuta akuwira kale potsika mapiri, yambani mwathetsa kutenthako musanaganize za imeneyi.

Ndipo ndinene mosabisa, kawirikawiri wodya mapadi a kumbuyo ndi phazi la mwini wake. Jombo ya njinga ndi yolimba, simumva kuti mwatsamira chopondera. Chopondera chikakhala pamwamba kwambiri, mukakhala pansi pa mpando chala cha jombo chimachigona ulendo wonse. Chiikeni molingana ndi popondera phazi kapena kutsikirako pang'ono, muyese mutaimirira komanso mutakhala, mutavala jombo zimene mumakwerera. Pamene simukufuna buleki, pondani popondera phazipo ndi kutsogolo kwa phazi kuti chala chichoke pamwamba pa chopondera. Potsika chitunda chachitali lowani giya yotsika injini ithandize, gwiritsani ntchito ya kutsogolo imene ili ndi mphamvu zambiri, ndipo ya kumbuyo muziigwira n'kuisiya kuti ipume, osati kuikhalira kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Wamatope250

Zikomo kwambiri nonse. Ndayesa monga munanenera. Kampata ka chopondera kanalibe n'komwe, ndipo pini imodzi ya caliper inali youma gwa. Ndakonza zonsezo, ndasintha mafuta, wilo likuzungulira momasuka. Disiki ikukwana mamilimita 3.7 ndipo yalembedwa 3.5. Koma pali chatsala: ndikayenda kamtunda osagwira buleki, kuponda koyamba chopondera chimalowa kwambiri, kachiwiri n'kugwira bwino. Njinga ikangoima sichichita zimenezi. Kodi mpweya udakalimo?

Sipanala8

Ayi achimwene, umenewo si mpweya. Mpweya ukanakhalamo chopondera chikanafewa ngakhale njinga itaima. Chikamalowa pokhapokha wilo litazungulira, ndiye kuti disiki ikugwedezeka uku ndi uku n'kumakankhira mapadi ndi pisitoni m'mbuyo. Kuponda koyamba kumangobweza pisitoni pamalo pake, kwachiwiri ndiye kumagwira.

Zochititsa zake ndi ziwiri. Choyamba mabering'i a wilo. Njinga ili pa sitandi, gwirani tayala pamwamba ndi pansi, ligwedezeni cham'mbali. Mukamva kugogoda ngakhale pang'ono, mabering'i atha, ndipo disiki imapendekera limodzi ndi wilo makamaka pokhota. Sinthani onse pamodzi ndi masili ake, muonenso timachubu ta m'mbali timene masili amakhalapo ngati takumbika. Onetsetsaninso kuti nati ya ekiselo yamangidwa mokwanira ndipo wilo lili pakati, zizindikiro zokokera tcheni zikufanana mbali zonse ziwiri. Wilo lopendekera limalowetsa disiki mopingasa m'caliper, mapadi n'kumadyeka mokhota.

Chachiwiri disiki yopindika, kaya ndi mwala kaya ndi kutentha kuja. Ngati mulibe geji yoyezera, mangani kawaya kapena pensulo pa swingarm (mkono wonyamula wilo la kumbuyo) nsonga yake itatsala pang'ono kukhudza disiki, zungulizani wilo pang'onopang'ono, muone pamene ikukhudza ndi pamene ikutalikira. Malire ake m'mabuku ambiri ndi ochepa kwambiri, osapitirira 0.3 ya milimita, ndiye kugwedezeka koonekera ndi maso kwapitirira kale. Yopindika malo amodzi ndi mwala ena amaiwongola ndi shifitingi pang'onopang'ono, imatheka ndithu ikakhala yaing'ono. Koma yanuyo yatsala 0.2 yokha kufika pa malire ndipo inapsa, ikapezeka yopindika ingosinthani, ndipo muike chitsulo chotchinga disiki pansi pa swingarm ngati mumayenda m'miyala kapena m'mikwasa yozama.

Pobwezera wilo, onetsetsani kuti chitsulo chonyamula caliper chalowa m'kanjira kake ka pa swingarm. Chikaphonya, mukangoponda buleki caliper imazungulira ndi disiki n'kudula paipi. Ndipo musananyamuke popani chopondera mpaka chilimbe.

MaiWaGalaja

Mapadi atsopanowo muwazoloweze kaye. Tsukani disiki ndi mankhwala otsukira mabuleki (brake cleaner), ngati ndi yakale ipaleni pang'ono ndi sandipepa wa 120 kuti zotsalira za mapadi akale zichoke. Pamalo ouma, thamangani liwiro lapakati, gwirani buleki ya kumbuyo mpaka njinga itatsala pang'ono kuima koma wilo osalikhukhuluza, siyani, yendani pang'ono izizire, bwerezani kakhumi kapena kupitirirapo. Mukawapsereza tsiku loyamba amachita galasi pamwamba, amalira ndipo sagwira. Ochita galasi amabwerera mukawapala pa sandipepa woyalidwa pamalo osalala. Koma amene alowa oyilo kapena mafuta opopera tcheni sachira, mafutawo amalowerera m'kati ndipo amatulukanso akatentha. Popopera tcheni kapena mankhwala owalitsa pulasitiki, phimbani disiki ndi kansanza koyera.

Mukachoka m'matope musaiimike choncho. Tsukani caliper ndi madzi, koma madzi amphamvu musawalozetse pa masili ndi pa timphira ta mapini. Matope akauma pakati pa caliper ndi padi, padiyo sibwerera. Mapini aja ndi bawuti ya chopondera muzipaka girisi nthawi iliyonse mukusintha mapadi.

Giya1Pansi

Poti ena owerenga pano ali ndi njinga zing'onozing'ono kapena zakale za buleki ya dramu, ndiikepo mawu awiri. Kumeneko kampata ka chopondera n'kakakulu, nthawi zambiri mamilimita 20 mpaka 30, ndipo kamakonzedwa ndi nati ya kumapeto kwa ndodo ya buleki. Mukakoka tcheni wilo limasunthira m'mbuyo, ndodo imakokeka, kampatako kamachepa, ndiye yezaninso nthawi iliyonse mwakhudza tcheni. Muyese wina atakhala pa njinga, chifukwa pa zina kampata kamasintha shoko ikapanikizika.

Pa chivindikiro cha dramu pamakhala kamuvi kosonyeza kutha kwa mashuzi (mapadi a buleki ya dramu), kakafika pa chizindikiro chake mutaponda buleki, sinthani mashuzi onse awiri ndi masipuling'i ake. Musasunthe kamkono kokokedwa ndi ndodo ya buleki pa mano ake pofuna kupezanso buleki mashuzi atatha, kamu (kachitsulo kotambasula mashuzi) ikhoza kupitirira n'kumanga wilo. Dramu imasunga madzi ndi matope m'kati, ndiye mukawoloka mtsinje igwireni pang'ono mukuyenda kuti iume, ndipo muziitsegula kawirikawiri. Pukutani fumbi ndi nsanza yonyowa osati kuliuzira, palani mashuzi pang'ono ndi sandipepa, tulutsani kamu muipake girisi wochepa kwambiri kuti asafike pa mashuzi. Pomanga ekiselo, pondani buleki n'kuigwira choncho mpaka nati italimba, mashuzi amakhala pakati pa dramu ndipo onse awiri amagwira mofanana.